Kabotolo ka Malovu

1

Dzina langa ndine Petronella Chilufya. Ndi limene lili pa reji yanga, chiphaso cha boma, pamodzi ndi tsiku lobadwa la 9 Febuluwale 1978.

Ndimagwira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka pa nyumba ina yosungiramo feteleza ku Heavy Industrial Area mu Lusaka. Ndimakhala ku Kabanana, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndekha. Ukwati wanga unatha mu 2011, ndipo mwana sindinabereke. Loweruka anzanga amakhala ali ku maukwati a ana awo kapena kumaliro a apongozi. Ine ndimachapa, ndimakolopa, kenako tsiku limatsala lalitali.

Atate, ba Edmond Chilufya, anamwalira mu Julayi 2019. Pamaliro ku Kanyama panabwera anthu ochokera ku Luwingu, ku Mufulira ndi ku Ndola. Ankandigwira dzanja ndi kunditchula mwana wawo, koma ambiri a iwo sindinkawadziwa. Atabalalika ndinagula mapepala akuluakulu a manila, ndinawamata pakhoma la pabalaza, ndipo ndinayamba kulemba mzere wa banja lathu: uyu anabala ndani, anakwatira kuti, anagona manda ati. Ndinkaimbira foni okalamba a kumudzi mpaka ankatopa nane. Pofika 2022 mbali ya atate inali itafika pa agogo a agogo awo. Ndikamadya ndinkayang'ana khomalo, ndipo m'nyumba munkaoneka ngati muli anthu.

Amene anandiuza za kuyeza DNA ndi Clive, mnzanga wa kuntchito.

"Ulavulira chabe mu kabotolo, batumiza kunja," anatero. "Pakapita masabata bakuonetsa pa foni abale bako bonse bamene banapimitsako, olo bali ku Amereka. Iwe na chikhoma chako chija, ivi ndiye vako."

Mlongo wake wa ku Manchester atabwera pa Khirisimasi anandibweretsera timabotolo titatu. Kanga, ka mlongo wanga Moven, ndi ka amayi.

2

Ndinapita ku Kanyama Loweruka pa 14 Januwale 2023. Mvula inali itagwa sabata yonse. Potsika basi ndinabwereka magambutsi kwa amene amachita malonda amenewo nyengo ya madzi, ndipo ndinadutsa m'njira zosefukira chikwama chili pamutu.

Amayi dzina lawo ndi Tamara, kwawo ndi ku Katete, koma Kanyama yonse imawadziwa kuti bana Petronella, monga mmene anthu a kwa atate amaitanira mayi ndi dzina la mwana wake woyamba. Ndinawapeza pakhonde akusita bulauzi yoyera ya chigwirizano cha azimayi a mpingo ndi simbi ya makala. Yunifomu imeneyo anaivala koyamba mu 1985. M'nyumba monse munalibe chinthu chimene ankachisamala kuposa icho.

Moven, amene amayendetsa minibasi ya Kanyama kupita m'tauni, anali atabwera kudzadya.

"Ni vichani futi ivi, ba sisi?" anafunsa ataona timabotolo.

Ndinamufotokozera.

"Ine nilavula tsiku lonse pa windo ya basi, palibe ananiuzako kuti nili na abale ku Amereka," anatero akuseka. "Bweretsani. Kapena nizapeza amalume bolemera banigulire basi yanga."

Analavulira, ndinatseka, ndinalemba dzina lake. Nanenso ndinachita chimodzimodzi. Kenako ndinapereka kachitatu kwa amayi.

Amayi sanakalandire.

"Malovu a munthu sapita kwa anthu osawadziwa, Petronella. Tsitsi, zikhadabo, malovu, zimenezo munthu umakwirira wekha."

"Amayi, awa ndi anthu a makina, si asing'anga."

"Ukufuna kudziwa chiyani chimene ine sindinakuuze?"

"Kumene tinachokera."

"Unachokera m'nyumba muno." Anatembenuza bulauzi ija, nayamba kusita kolala. "Taya zimenezo, mwanawe. Ndakupempha."

Amayi si munthu wopempha. Mawuwo ndinawamva, koma ndinati ndi mantha a ufiti a anthu akale. Lolemba ndinapereka timabotolo tiwiri kwa mlongo wa Clive, amene ankabwerera kwawo sabata yomweyo.

3

Zotsatira zinafika pa foni yanga Loweruka m'mawa pa 18 Malichi. Ndinakhala pampando ndikuwerenga manambala. Ntchito yanga ndi manambala, ndipo amenewa sanali ovuta. Ndinawawerenga kawiri, ndinaika foni pansi, ndinakatsuka kapu imene inali kale yotsuka.

Masana Moven anaimba ali pa siteshoni m'tauni. Kumbuyo kwake kunkamveka mahutala ndi oitanira.

"Sisi, vagwira nchito. Napeza kazeni ku England, Kabaso, muzukulu wa ba Chiti, bakulu bake ba tata. Makina akamba ati ndise magazi amodzi. Manje iwe sinikuona. Unalavula bwino?"

"Ndinalavula bwino."

"Uyu Kabaso aoneka kwa iwe?"

"Ayi."

Wina anamukuwira kuti asunthe basi.

"Ndiye kuti iwe na ba tata..."

"Moven, usauze munthu. Ndibwera tikambirane."

Koma Moven nkhani siikhala m'mimba mwake. Tsiku lomwelo anaika chithunzi cha zotsatira zake pa gulu la banja la pa foni, ndi funso loti n'chifukwa chiyani mdzukulu wa ba Chiti akuoneka kwa iye koma osaoneka kwa Petronella. Sanafune zoipa. Ankaganiza kuti wina amuuza kuti makina anaphonya. Msuweni wathu wina wa ku Ndola anayankha mzere umodzi: ndiye kuti Petronella si mwana wa ba Edmond. Anaufufuta pambuyo pake, koma aliyense anali atawerenga.

Pa zotsatirazo panali chinthu china chimene Moven sanamvetse tanthauzo lake. Ine ndinachiona m'mawa womwewo, ndipo ndinachisunga.

4

Pa 1 Epulo banja linakumana ku Kanyama. Amene anaitanitsa ndi ba Chitalu, mlongo wa atate, amene timawatchula ba mayosenge monga mwa Chibemba. Anachokera ku Matero atatenganso ba Edwell, mkulu wa mpingo wa amayi. Ba mayosenge ndi amayi sanagwirizanepo. Ba mayosenge ankafuna kuti mlongo wawo akwatire kwawo, osati mkazi wa kum'mawa.

Tinakhala pabalaza. Amayi anakhala pamphasa, miyendo atatambasula.

"Ine nenze kukamba kuyambira kudala," anayamba ba mayosenge. "Mphuno ya mwana uyu si yathu. Kutalika uku si kwathu. Mu 1977 mulongo wanga enze pa msewu wa Dar es Salaam na lole, miyezi iwiri osaoneka pa nyumba. Benze kuniuza ati nili na kaduka. Manje makina akamba, ndipo makina alibe kaduka. Bana Petronella, tiuzeni."

Ba Edwell ndi munthu wofatsa. Anavula magalasi, nawapukuta.

"Amayi, ife takudziwani zaka zambiri," anatero. "Makina nawo amalakwitsa. Mukanena kuti si zoona, mpingo ukhulupirira inu."

Amayi sanayang'ane ba Edwell, sanayang'anenso mlamu wawo. Anayang'ana ine, kwa kanthawi. Kenako anaweramitsa mutu.

"Makina sanalakwe," anatero. "Ndinachimwa. Mwanayu ndi wanga, koma si wa ba Edmond."

"Mwamuna ni ndani?" anafunsa ba mayosenge.

"Anafa."

"Dzina alibe?"

"Ndati anafa."

Moven anadzuka, natuluka panja. Tinamva basi yake ikulira, ikuchoka.

Ba Edwell anafotokoza lamulo la mpingo motsitsa mawu. Amayi asiye kaye kudya mgonero ndi kuvala yunifomu mpaka akulu ataweruza, ndipo pambuyo pake adzaimirire pamaso pa mpingo kuvomera kulakwa kwawo. Amayi analowa kuchipinda. Anatuluka ndi bulauzi, siketi ndi duku atazikulunga m'chitenje, ndipo anagwada popereka.

"Zaka zonse izi kutsogolera nyimbo pa maliro a anthu," anatero ba mayosenge akutola chikwama chawo, "kansi ni so."

Ine ndinkadziwa kuti amayi akunama. Umboni unali m'foni, foni inali m'chikwama, chikwama chinali pamiyendo panga. Sindinatsegule pakamwa.

5

Nkhani ku Kanyama imayenda msanga kuposa madzi a mvula. Amayi ali ndi tebulo la tomato ndi kapenta kutsogolo kwa nyumba. Azimayi amene ankagula pamenepo anayamba kudutsa kukagula patsogolo. Lachinayi, anzawo a chigwirizano akamadutsa atavala zoyera, amayi ankalowa m'nyumba ndi kutseka chitseko. Moven anasiya kudzadya. Ba Edwell anabwera kudzanena kuti akulu akumana Loweruka pa 3 Juni, ndipo amayi adzaimirira pamaso pa mpingo mawa lake.

Tsopano ndinene chimene ndinabisa.

Ana a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi amafanana pafupifupi theka la DNA yawo. Ana a mayi mmodzi koma abambo osiyana amafanana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pakati pa ine ndi Moven panalibe chilichonse. Amayi akanakhala kuti anachitadi chigololo, Moven akanaoneka pa foni yanga ngati mlongo wanga wa bere limodzi. Sanaoneke. Ndipo mimba ya amayi ya Moven ndimaikumbukira, ndinali ndi zaka zinayi, ndinkaigwira ikamagunda. Wosakhala wa m'nyumbamo ndinali ine. Sindinali mwana wa atate, komanso sindinali mwana wa amayi.

Bodza la amayi linkandisiyira mayi. Choonadi sichinkandisiyira munthu aliyense. N'chifukwa chake tsiku lija ndinakhala chete, ndikuwaonerera akugwada.

Ndinapirira mpaka pa 13 Meyi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba m'lichero. Anali ataonda. Ndinakhala pa njerwa pafupi nawo.

"Amayi, munanama."

"Nawenso wabwera kudzanditukwana?"

"Ndabwera kudzafunsa. Ine munanditenga kuti?"

Dzanja lawo linaima m'nyemba. Ndinawafotokozera za theka ndi gawo limodzi mwa anayi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Moven akudziwa?"

"Ayi."

"Ba Chitalu?"

"Palibe akudziwa. Ndine ndekha."

Anaika lichero pansi, napukuta manja pachitenje.

"Mvula ya chaka chimenecho iwe sunaionepo," anatero. "Nyumba za zidina zinkangokhala pansi. Atate ako anali ku Dar es Salaam. Njira ya kuchipatala inali madzi okhaokha. Ndinachirira m'nyumba muno pa 9, azimayi anayi atandizungulira. Mwana wamkazi. Anakhala masiku awiri. Mchombo usanagwe, dzina asanalandire, anapita."

Ananena mawu amenewa ngati akuwerenga za munthu wina.

"Mwana wotere kwathu timati nthayo. Salira maliro, sagula bokosi, saitana amuna. Azimayi okhaokha amamukulunga m'nsalu, amapita naye kudambo m'mawa, amakumba, amabwerera, nkhani yake yathera pomwepo. Mwamuna safunsa kuti mwamuika pati. Ine sanandilole n'kupita komwe. Anandiuza kuti ndisalire, ndingatseke mimba."

"Nanga ine?"

"Kuchipinda cha kuseri uko, kumene timasungako makala, kunkakhala kamtsikana, Mwango. Kanali kantchito kumayadi, anakachotsa ataona mimba. Kanalibe wachibale m'Lusaka muno. Kanachira tsiku limene wanga anapita. Mkaka wake sunatuluke, pamene wanga unkangotayikira m'nsalu. Iwe unkalira osaleka. Ba Elesi, mmodzi wa azimayi aja, anakunyamula nakubweretsa kuti ndikuyamwitseko. Ndinakuyamwitsa sabata imodzi. Tsiku lina m'mawa Mwango anati akukagula sopo. Sanabwerenso. Wina anati anamuona akukwera basi ya ku Kapiri."

"Atate?"

"Atafika anakupeza pabere panga. Anasamba m'manja, anakunyamula, nati uyu ni Petronella, dzina la amayi awo. Azimayi anayi aja anali pomwepo. Palibe anatsegula pakamwa. Ine ndikanayambira pati? Ndinati ndidzanena mawa. Mawa lake anakugulira kashawelo."

Nkhuku ya oyandikana nawo inabwera kudzajompha nyemba zimene zinagwa. Palibe anaiingitsa.

"Ndiye kuti pa 9 si tsiku langa," ndinatero.

"Lako ndi pa 11."

"Amayi, bwanji osanena zimenezi kwa ba Edwell? Kulera mwana wosiyidwa si tchimo. Akubwezerani yunifomu tsiku lomwelo."

"Ndikanena, ndiye kuti wanga anafa, ndipo iwe ndiwe wa Mwango. Ndikati ndinachimwa, anditengera bulauzi basi. Bulauzi ndi nsalu." Anatola lichero lija. "Ndinasankha kale. Usalowererepo, Petronella. Wamva?"

"Ndamva."

6

Ndinayesa kumvera. Ndinkapita kuntchito, ndinkawerenga matumba a feteleza, ndinkabwerera ku Kabanana. Koma maganizo ankangobwerera pa chithunzi chimodzi: amayi a zaka 68 ataimirira kutsogolo kwa mpingo wodzaza, atavala chitenje wamba, akupepesa chinthu chimene sanachite, ana a anzawo akuwajambula ndi mafoni.

Pa 27 Meyi ndinapita ku komboni ya George kukafunafuna ba Elesi. Ndinawapeza kwa mdzukulu wawo, atakhala padzuwa, diso limodzi litachita khungu. Nditatchula dzina langa anandigwira nkhope ndi manja onse awiri.

"Watalika monga yeve," anatero.

"Monga ndani?"

"Usaniyese, mwana iwe. Ngati wabwera mpaka kuno, Tamara akuuza."

Zonse zimene amayi ananena, ba Elesi ananenanso chimodzimodzi, mpaka za sopo. Ndinafunsa dzina la bambo wake wa Mwango, kapena mudzi wa kwawo.

"Tenze kumuitana chabe Mwango. Enze kukamba Chibemba cha kutali uko, kapena Mporokoso, kapena Kasama, siniziba. Enze na mpata pa mano. Enze mwana, sanafike na zaka eyitini. Tinali anayi bamene tinaziba, manje natsala neka." Anatembenuzira diso labwino kwa ine. "Tamara ati chani?"

"Akuti ndikhale chete."

"Manje ufuna chani kwa ine?"

"Sabata yamawa akuwaimika pamaso pa mpingo. Avomera chigololo."

"Chigololo? Tamara?" Anaseka kuseka kosakondwa. "Tamara wamene enze kuthawira mu nyumba mwamuna akamupatsa moni?"

Anasisita bondo.

"Vinthu va ku dambo sivipita ku bwalo ya amuna," anatero. "Ndiye mwamene tinaphunzirira. Koma nikafa ine, kulibe azakamba, ndipo azamuika m'manda na dzina ya uhule. Nizabwera. Unitumire motoka, miyendo inakana. Koma uzibe chinthu chimodzi. Uzamuchotsa manyazi, koma sazakuyamika."

Ndimadziuza kuti ndinachitira amayi. Ndi zoona. Koma ndi zoonanso kuti ine chinthu cholembedwa molakwika chimandisowetsa mtendere mpaka nditachikonza, ndipo sindingathe kulekanitsa kuti pa ziwirizi chinandikankha kwambiri ndi chiti.

7

Akulu anakumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Munali ba Edwell ndi akulu ena awiri, ba mayosenge, Moven, ndi amayi atakhala pa benchi yawoyawo. Ndinalowa nditagwira ba Elesi pamkono.

Amayi atawaona anaimirira.

"Petronella, tuluka."

Sindinatuluke. Ndinakhazika ba Elesi pampando, ndinapempha akulu kuti andilole kulankhula. Ndinatulutsa foni yanga, ndinapempha ya Moven, ndinaziika pamodzi patebulo. Ndinafotokoza za theka, za gawo limodzi mwa anayi, ndi za malo opanda kanthu pamene dzina la Moven likanayenera kukhala. Kenako ba Elesi ananena zotsalazo.

Atafika pa za kudambo, akulu atatu aja anayang'ana pansi. Ndi amuna a zaka zambiri, koma palibe mmodzi wa iwo anamvapo nkhani yotere ikunenedwa poyera.

Woyamba kulankhula anali ba mayosenge, ndipo mawu awo anali ena, osati a tsiku lija.

"Manje mwana wa Edmond ali kuti?"

"Kwamene kwenze dambo," anayankha ba Elesi. "Manje banamangapo mashopu na chigayo. Olo ine siningapeze pamalo."

"Mulongo wanga anafa osaziba kuti ali na mwana pansi." Ba mayosenge anaphimba nkhope ndi chitenje nayamba kulira. Kulira kwake kunali kwenikweni, ndipo palibe anawaletsa.

Moven ankayang'ana mafoni awiri aja.

"Manje ba sisi ni ndani wanga?" anafunsa.



Akulu anatuluka panja kukanong'onezana, ndipo sanachedwe. Ba Edwell anati mlandu wa chigololo palibe, ndipo mawa palibe amene aimirire pamaso pa mpingo. Za kubisira mwamuna, anati zimenezo n'zapakati pa amayi ndi Mulungu, popeza mwini wake anagona. Anatsegula kabati, natulutsa chitenje chija chili chomangidwa monga anachilandirira, nachipereka ndi manja awiri.

Amayi anachiika pamiyendo. Sanachimasule. Anadikira mpaka ena atayamba kutuluka, ndipo analankhula motsitsa, kuti ndimve ine ndekha.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndinakana kuti mwana wanga anafa. Lero wamuika m'manda pamaso pa amuna."

Anadzuka, nagwira Moven pamkono kuti awaperekeze kunyumba.

8

Ba Elesi anamwalira chaka chotsatira, mu Ogasiti. Amayi anatsogolera nyimbo pamaliro awo atavala zoyera. Ku Kanyama tsopano amawalemekeza kuposa kale. Azimayi amaloza nyumba yathu n'kumauzana kuti umo ndi mmene mukhala mayi amene analera mwana wotayidwa, navomera kutukwanidwa chifukwa cha iye. Tebulo la tomato linayambanso kuyenda. Ba mayosenge amabwera nthawi zina, amakhala ndi amayi pakhonde, amakamba za mwana amene onse awiri sanamulire. Moven amaimba foni. Amanditchulabe sisi, koma nkhani zimatha msanga.

Pa foni yanga pamaoneka abale a DNA owerengeka, onse akutali kwambiri, ku Amereka ndi ku Brazil. Wa ku Mporokoso kapena ku Kasama sanaonekepo. Anthu a kumeneko satumiza malovu kunja. Ngati Mwango ali moyo, ali ndi zaka za m'ma sikisite, ndipo sindikudziwa ngati amafuna kupezedwa.

Ku Kanyama ndimapita Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Amayi sanandithamangitsepo, sanandinenepo mawu oipa. Akandiona amadzuka, amandilandira chikwama, amanditulutsira mpando. Amatsegula kabati ya magalasi n'kutenga mbale zamaluwa zimene kale tinkaletsedwa kuzigwira. Amandithirira madzi osamba m'manja. Amafunsa za kuntchito, za mvula ku Kabanana. Ndikatola tsache amati ndisiye, ndingadetse zovala. Dzuwa likapendeka amandinyamulira chikwama mpaka pokwerera basi, ndipo amaima pomwepo mpaka basi itanyamuka.

Mwezi watha ndinayesa.

"Amayi, ndigone kuno lero."

"Mabasi akadalipo," anatero.

Inu owerenga, mwina ena mwa inu muli ndi kabotolo kotere m'kabati, mukudikira tsiku loti mutumize. Sindikuuzani kuti mutaye. Makina sananame, ndipo ine sindinaname. Ndikafunsidwa lero ngati ndikanalola amayi kuimirira pamaso pa mpingo ndi tchimo la bodza, ndiyankhabe kuti ayi. Koma ndinkaganiza kuti choonadi cha magazi anga ndi changa ndekha, choti ndingachitenge n'kuchiika pamene ndafuna. Sichinali changa ndekha. Chinali cha mayi amene anandipempha kawiri, koyamba kuti nditaye, kachiwiri kuti ndikhale chete, ndipo kawiri konse ndinaona kuti ndikudziwa bwino kuposa iye. Ngati kwanu kuli wachikulire amene akukana kulavulira, musathamangire kunena kuti ndi mantha a ufiti. Khalani naye pansi kaye, muli awiri, chitseko chili chotseka, mumufunse chimene akuopa. Mwina akuuzani, ndipo mudzasankhira limodzi choti muchite nacho.

Ine mwezi wamawa ndidzapitanso. Ndidzakhala pa mpando umene adzanditulutsire, ndidzadyera m'mbale yamaluwa. Ndikudikira tsiku limene amayi adzatulukire kukhitchini, n'kundipeza nditakhala, n'kundikalipira kuti ndangokhaliranji pamene mapoto ali akuda.